Pamwamba pa Shopu ya Matayala

Pa Ginnery Corner, pamwamba pa shopu ya matayala,
pali masitepe khumi ndi awiri, lachinayi ndi losweka,
kenako chitseko cholembedwa dzina lathu
ndi penti wobiriwira amene sitinamalize kulipira.

Ndinayamba mu Juni, chiperoni chikutsika ku Soche,
nsapato zobwereka kwa alamu anga zikundiluma chidendene.
A Ganizani anandipatsa moni ndi manja awiri:
“Kuno kulibe bwana, achimwene. Ndife banja limodzi.”
Anandiveka malaya a kampani.
Kontirakiti, anati, tisainirana mawa.

Lolemba tinkapanga apu
yoti mayi wa ku Chilomoni aziitanira kabaza ndi chala chimodzi.
Lachitatu a Ganizani anabwera kuchokera kumsonkhano wa kuhotela
maso ali gwaa, tayamba kugulitsa feteleza.
Lachisanu, inshuwalansi ya maliro.
Bolodi loyera lija talifufuta
mpaka lachita imvi.

Fatsani ndi Tinyade akakangana za amene ali wamkulu,
a Ganizani amaitana mmodzi pakhonde: “Iwe ukunena zoona.”
Amaitananso winayo: “Iwe ukunena zoona.”
Akatero amatsika, n’kudzitsekera m’galimoto,
injini ikulira, magalasi atakwezedwa,
kudikira kuti mkangano ufe wokha.
Sumafa. Umangosamukira m’manong’onong’o.

Pa sate pamadutsa ngati minibasi yodzaza,
kondakitala osatiyang’ana n’komwe.
Mmalo mwa malipiro timalandira pepala:
magawo ako m’kampani, tsiku lina udzakhala mwini.
Ndinapita nalo kwa alandilodi ku Bangwe.
Analitembenuza, analinunkhiza,
nandifunsa ngati limagula mayunitsi a magetsi.

Tsiku loyankhula ndi azungu a ndalama pa kanema
magetsi anathima, jenereta ilibe mafuta.
Tinasonkherana, ine ndinapereka ya thiransipoti.
Tinakhazika alonda pa kompyuta yakufa,
mphwawo wa mayi osesa pa inzake,
kuti ofesi ioneke yodzaza.
Tinamwetulira mphindi makumi anayi.
Madzulo ndinayenda wapansi mpaka ku Limbe.

Sekanawo yekha, wowerengera ndalama,
ndi amene anafunsa poyera:
“Nanga zija zinalowa mu Ogasiti zili kuti?”
Ziii.
Tonse tinapeza chofunika kwambiri m’mafoni mwathu.
Inenso.
M’mawa mwake anapezeka atachotsedwa pa gulupu ya kampani.
Umu ndi mmene timaikira maliro m’banja lathu lino:
popanda nkhata, popanda mwambo,
kamzere kamodzi kotuwa pafoni.
Kapu yake ikadali pawindo,
tiyi anaumiramo n’kusiya mphete yofiirira.
Palibe waitsuka. Palibe waitaya.

Sindingati a Ganizani ndi munthu woipa.
Mayi anga atagonekedwa ku Gulupu
anabwera ndi nthochi ndi botolo la Sobo,
analira nane pakhonde la wodi.
Koma mawu oti ayi amawaopa ngati njoka,
ndipo mawu oti ndalakwa
sanawaphunzire kusukulu zonse anapitako.

Dzulo foni yalira leveni koloko usiku.
“Achimwene, mwagona? Ndili ndi ganizo latsopano.”
Mkazi wanga anatembenukira kukhoma.

Kalata yosiyira ntchito ndinailemba mu Novembala.
Ili m’thumba la kumbuyo, yafewa ngati kansalu,
inki yayamba kuthawa m’mapindiro.
Ndikapita kuti? Anzanga a kukoleji
akugulitsa makava a mafoni pa Wenela.

Choncho ndimakwerabe, ndikulumpha sitepe lachinayi.
Koma faifi koloko ikakwana ndimaima pawindo
pafupi ndi kapu ya Sekanawo, kuyang’ana pansi:
a Chimombo a matayala, ovololo yong’ambika pabondo,
alibe bolodi, alibe masomphenya opachika pakhoma,
akuitana anyamata awo atatu mmodzimmodzi,
kunyambita chala chakuda ndi girisi,
n’kuwawerengera m’manja
ndalama za lero.